Mwana akufuna kosi ya Fire Services Administration ku community college, timulole?

MayiWaAnyamata_DFW
Abale anga muli bwanji nonse. Ndithandizeni maganizo makamaka inu amene mukudziwa za masukulu a kuno ku America. Mwana wanga woyamba ali ndi zaka 19, anamaliza high school chaka chatha kuno ku Texas, ndiye ine ndi bambo ake tinagwirizana kuti ayambe makosi olowera ku unesi pa community college yapafupi pompano. Pano wasintha, akuti akufuna kosi ya Fire Services Administration, digiri ya zaka ziwiri, akuti akufuna adzakhale wozimitsa moto kenako adzakwere mpaka kukhala chief. Ine sindikukana kuti ndi ntchito yaulemu koma mtima sukukhazikika. Kodi akamaliza zaka ziwirizo ntchito imapezeka pompo ngati mmene zimakhalira ndi unesi? Komanso iyeyu ali ndi green card, si citizen, amalemba anthu otero? Nanga malipiro ake munthu angasamalire nawo banja? Sindikufuna tiwononge Pell Grant yake, thandizo la boma la fizi lija, pa pepala loti likangokhala mu kabati. Kulembetsa kukutsekedwa posachedwa nde chonde amene mukudziwa ndiuzeni zoona zokhazokha.

Nesi_wa_usiku
Achemwali musamulole. Unesi basi. Akamaliza, ntchito imachita kumufuna yokha, state iliyonse angapite. Za moto akhoza kukazichita mongodzipereka pa weekend ngati mtima uli komweko.

Chiombankhanga
A Nesi, si mwana aliyense wa Mmalawi amene anabadwira unesi. Tawaumiriza ambiri, semesita ziwiri wasiya, ngongole yatsala.

Engine7_MD
Mayi zikomo pofunsa musanalipire. Ine ndimagwira ntchito imeneyi kuno ku Maryland ndiye ndikuuzani mmene zilili. Digiri imeneyo payokha simupangitsa munthu kukhala wozimitsa moto. Chimene department imayang'ana polemba munthu watsopano ndi satifiketi ya Firefighter I ndi II, imene imachokera ku fire academy motsatira muyezo wa NFPA, bungwe loika miyezo ya za moto, kuphatikiza satifiketi ya EMT, kukhoza mayeso olemba, kukhoza mayeso a mphamvu, mbiri yoyera ku polisi ndi laisensi yoyendetsa galimoto yopanda milandu. Digiri ya administration inapangidwira makamaka anthu amene ali kale mkati, akufuna kukwera kukhala lieutenant, captain, battalion chief. Mukalowa m'kalasi yake mupeza ambiri ndi azibambo ndi azimayi a zaka 30 kupita mtsogolo, akuphunzira pa intaneti ali ku station podikira belu. Mwana wa zaka 19 kuyambira pamenepo zili ngati kugula goli ng'ombe usanagule.

Sindikunena kuti asiye maloto ake ayi, maloto ake ndi abwino ndipo ine ndimanyadira ntchito yanga. Ndikunena za ndondomeko. Ayambe EMT semesita ikubwerayi, imatenga semesita imodzi basi, kenako alembe mayeso a National Registry opezera satifiketiyo. Akatero alowe academy. Makoleji ambiri amene ali ndi digiri imeneyo ali ndi academy yawo pomwepo ndipo ma credit a academy ndi a EMT nthawi zambiri amawerengedwa mu digiriyo, nde palibe chotayika. Makosi a utsogoleri adzawamalize akulandira kale malipiro, ma department ambiri amabweza ndalama ya fizi kwa antchito awo kapena amawonjezera kangachepe pa mwezi kwa amene ali ndi digiri.

MayiWaAnyamata_DFW
Zikomo achimwene. Koma EMT si za ambulasi zimenezo? Iyeyu akuti akufuna za moto osati za odwala, nchifukwa chake akuthawa unesi.

Engine7_MD
Mayi mumuuze lero lomwe kuti odwala sadzawathawa. Kuno ku America pa mafoni onse amene fire department imalandira, pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse ndi a zachipatala, agogo agwa ku bafa, wina mtima, wina shuga yatsika, ngozi ya pamsewu, overdose. Moto weniweni ndi kagawo kakang'ono kwambiri, sufika olo 5 pa 100 iliyonse. Pali ma shifiti ambiri amene timamaliza osakoka paipi ya madzi olo kamodzi koma tanyamula odwala usiku onse. Ngati magazi ndi masanzi sangapirire ndi bwino adziwe pano pa kosi ya semesita imodzi, osati atatha zaka ziwiri.

Nesi_wa_usiku
Mwamva? Odwala omwewo, masanzi omwewo, koma ndalama yochepa komanso moyo pachiswe.

AnkoloFortWorth
Ndiwonjezere za kuno ku Texas poti malamulo amasiyana state ndi state, zimene akunena a Engine7 ndi zoona koma mayina ake kuno ndi ena. Satifiketi ya wozimitsa moto wolipidwa imaperekedwa ndi Texas Commission on Fire Protection, anthu amangoti TCFP. Maphunziro oyambira a moto wa m'nyumba ndi maola 468 ndipo sakupatsa satifiketiyo usanawonetse kuti uli ndi maphunziro a zachipatala, nde za odwala zija sizothawika. Kuno ku DFW, dera la Dallas ndi Fort Worth, Tarrant County College ndi Collin College onse ali ndi fire academy, ndipo ku College Station kuli TEEX imene ili ndi bwalo lalikulu la Brayton kumene anthu amachokera mayiko ena kukaphunzira. Mizinda imene imatsatira lamulo la civil service, Chapter 143, imalemba kuyambira zaka 18 ndipo ukafika 36 khomo latsekeka, ndiye mwana wanuyo nthawi ali nayo yambiri koma enafe inatidutsa. Chinanso mizinda yambiri yozungulira Dallas imakonda paramedic, sitepe ya pamwamba pa EMT, wina akabwera ndi TCFP ndi paramedic amadumpha anzake ambirimbiri pamzere.

Za digiri, TCFP ili ndi masitepe, Basic, Intermediate, Advanced, Master. Kuti ufike Master pamafunika zaka 12 za ntchito komanso ma credit 60 a koleji kapena associate degree, mwa amenewo 18 akhale a za moto. Ndiye pepalalo lili ndi ntchito ndithu, kungoti ntchito yake ili kutsogolo.

Ayambenso kukonzekera CPAT panopa. Ndi mayeso a mphamvu, zigawo 8, uzimalize mu mphindi 10 ndi masekondi 20 utavala vesti ya mapaundi 50. Gawo loyamba ndi kukwera masitepe a makina mphindi zitatu atakuwonjezera mapaundi 25 pamapewa, ambiri amathera pomwepo miyendo yachita madzi. Kutsogolo kuli kukoka paipi, kuimika makwerero, kukwawa mumdima, kukoka chidole cha mapaundi 165. Mphwanga wina wamphamvu zake wosewera mpira anagwa ulendo woyamba chifukwa anangopita osayeserera masitepe aja.

Nesi_wa_usiku
Nonse mukukamba za masatifiketi koma palibe akukamba za khansa. Mu 2022 bungwe la IARC la pansi pa WHO linaika ntchito yozimitsa moto mu Group 1, kutanthauza kuti umboni ulipo wokwanira kuti imayambitsa khansa, anatchula mesothelioma ndi khansa ya chikhodzodzo. Ine ndimawaona pa wodi azibambo oti anapuma ntchito dzana lomweli. Mayi ali ndi ufulu wodziwa zimenezi asanasainire mwana wawo. Sindikulankhula mwa nsanje ayi, ndine kholo nanenso.

Engine7_MD
A Nesi apa simukunama ndipo sindikutsutsani. Utsi wa masiku ano ndi wa pulasitiki ndi siponji za m'mipando, umalowa ngakhale pakhungu, komanso nkhani ya makemikolo oopsa a PFAS mu thovu lozimitsira moto ndi mu zovala zathu zomwe ndi yeniyeni. Chimene chasintha ndi khalidwe. Kale chipewa chakuda ndi mwaye chinali ulemu, pano tikatuluka pamoto timatsukana ndi madzi pomwepo, kupukuta khosi ndi nkhope, zovala m'thumba, kusamba msanga tikafika ku station, ndipo chigoba cha mpweya sitivula mpaka moto utatheratu ngakhale utsi ukuoneka kuti wachepa. Amene amakakamiza malamulo amenewa, kupeza ndalama ya zovala ziwiri pa munthu ndi makina ochapira, ndi ma officer ophunzira. Apa mpamene digiri ija imapulumutsa moyo. Koma ngozi ilipo, kuphatikiza mtima ndi maganizo, zimene umaona pa ntchito zina sizichoka m'mutu. Mwana adziwe.

MphunzitsiIndy
Ndikufuna nditsutsane pang'ono ndi a Engine7, mwaulemu. Ine ndimagwira ntchito yolangiza ophunzira pa koleji ina kuno ku Indiana. Mukanena kuti mwana asayambire digiri mukuiwala kuti mu ma credit 60 aja muli English composition, masamu, government, psychology, zimene angayambe lero ndipo zimamuthandiza pa mayeso olemba olowera ntchito. Ana ambiri amagwa pa kuwerenga ndi masamu osati pa mphamvu. Komanso mwana akangochoka m'kalasi n'kuyamba kulawa ovataimu, kubwerera kusukulu kumavuta, ndawaona ambiri akubwera ali ndi zaka 38, ana atatu, mayeso a captain ali pakhomo, akufuna digiri mwa changu.

Ndiye zimene amaphunzira si zachabechabe. Makoleji ambiri amatsatira ndondomeko ya FESHE yochokera ku National Fire Academy ya ku Emmitsburg, Maryland. Muli makosi 6 a maziko, kamangidwe ka nyumba ndi mmene imagwera ikapsa, khalidwe la moto, kapewedwe ka moto, zida zotetezera monga ma sprinkler ndi ma alamu, chiyambi cha ntchito zadzidzidzi, ndi chitetezo cha wozimitsa moto mwini wake. Kosi ya kamangidwe ija mwana wa zaka 19 akuifuna tsiku loyamba lomwe, nyumba zatsopano za kuno madenga ake ndi a timatabwa topepuka tolumikizidwa ndi timalata, timagwa msanga moto ukafikako. Mbali ya administration ndiye muli bajeti, malamulo a ntchito, kukambirana ndi union, kulemba ma grant a FEMA, bungwe la boma loona za ngozi zadzidzidzi, kuwerengera kuti station yatsopano imangidwe pati kuti galimoto izifika mu mphindi 4 monga umanenera muyezo wa NFPA, ndi mmene ISO, kampani yoyeza chitetezo cha moto cha mizinda, imaperekera magiredi a 1 mpaka 10 amene amakhudza inshuwalansi ya nyumba za anthu mu mzinda. Amaphunziranso moto wakale umene unasintha malamulo, wa ku fakitale ya Triangle ku New York mu 1911 umene unapha anthu 146 zitseko zili zokhoma, wa ku The Station ku Rhode Island mu 2003 umene unapha anthu 100, ndi wa ku Charleston mu 2007 kumene ozimitsa moto 9 anafera mu sitolo ya mipando.

Chenjezo langa lili pena. Digiri zambiri zamtunduwu ndi AAS, digiri ya zaka ziwiri yokonzekeretsa munthu ntchito, ndipo makosi ake a ntchito sasamuka onse ukafuna kupita ku yunivesite. Ku Texas zimene zimasamuka mosavuta pakati pa masukulu a boma ndi core curriculum ya ma credit 42, pamene makosi a moto aja nthawi zambiri amalandiridwa mu digiri ya BAAS yokha, bachelor's ya maphunziro a ntchito. Afunse mlangizi funso ili ndendende: ndikamaliza, ndi yunivesite iti imene mwasainirana nayo kuti itenge ma credit anga onse? Poti uchief wa masiku ano ambiri amafuna bachelor's, olo pulogalamu ya Executive Fire Officer ku Emmitsburg komweko salowa munthu wopanda bachelor's.

Engine7_MD
Aphunzitsi pa English ndi masamu tagwirizana. Chimene ndikukana ndi choti mwana akhale pansi kuphunzira bajeti ya department asanagwireko paipi. Atenge EMT ndi English limodzi semesita ino, bajeti idikire.

MphunzitsiIndy
Pamenepo palibe mkangano. Bola asachoke m'kaundula wa sukulu.

Kalulu_wa_Dedza
Funso la green card lija palibe wayankha bwinobwino. Ine ndinamva kuti ntchito zonse za yunifomu amafuna citizen.

AnkoloFortWorth
Si zonse a Kalulu. Zimatengera mzinda. FDNY, fire department ya ku New York, amafuna ukhale citizen pofika tsiku lolembedwa ntchito, koma ma department ena ambiri amangofuna chilolezo chogwirira ntchito. Palibe njira yachidule, atsegule tsamba la ntchito la mzinda uliwonse umene akuufuna awerenge yekha zofunikira, asamve za m'maluwa.

MaPepala_Houston
Mayi, green card ya mwanayo yakwana zaka zingati? Ngati yakwana 5 alembe yekha fomu ya N-400 yopemphera u citizen, poti wadutsa zaka 18 sangatengerenso u citizen kudzera kwa inu olo inu mutalumbira mawa. Ndiye muonetsetse kuti analembetsa Selective Service, kaundula wa boma wa anyamata amene angadzaitanidwe ku usilikali, mnyamata aliyense wa zaka 18 mpaka 25 amayenera kutero ngakhale wa green card, ambiri athu sadziwa nde zimadzawavuta pa u citizen ndi pa ntchito zina za boma. Chomaliza mumuuze atalikirane ndi chamba, olo apite ku state imene amaloleza, kwa munthu wa green card ndi mlandu wa federal ndipo fire department imayeza mkodzo komanso ena amafunsa pa polygraph.

MayiWaAnyamata_DFW
Ikwana zaka 5 chaka chamawa. Za Selective Service ndimufunsa akabwera, zikomo kwambiri sindimadziwa.

NamadziBoy
Ine ndikuti mulekeni aphunzire kenako adzapite kumudzi akatithandize. Chaka ndi chaka timangomva msika wapsa, anthu katundu yense wa ngongole wathera pomwepo, galimoto yozimitsa moto ikufika phulusa lokhalokha. Ana ngati amenewa ndi amene tikuwafuna.

WaKuNdirande
A NamadziBoy ine ndili ku Blantyre konkuno. Anyamata a fire brigade kuno si kuti ntchito saidziwa, vuto ndi zida. Ozimitsa moto ali pansi pa makhonsolo a mizinda, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu, Zomba, kuphatikiza a ku ma eyapoti a Chileka ndi Kamuzu, ndiye maboma ena onse aja moto ukabuka ndi ndowa ndi mchenga. Galimoto ikhoza kufika msanga koma madzi a m'thanki akatha ikatunge kuti? M'misika mabenchi anathithikana mpaka njira yoti galimoto ilowe palibe, mawaya a magetsi olumikiza mwachisawawa ali pamwamba pa malata ndi mapepala apulasitiki. Digiri ya ku Texas ithetsa zimenezo?

MphunzitsiIndy
Achimwene a ku Ndirande, zonse mwatchulazo, madzi, njira za mu msika, kuyendera mawaya, kumenyera bajeti ku khonsolo, ndiye administration imeneyo. America nayonso inali pamavuto, lipoti la boma la 1973 la America Burning ndi limene linachititsa kuti mu 1974 akhazikitse lamulo lobweretsa US Fire Administration ndi National Fire Academy, ndipo mfundo yake yaikulu inali yoti kupewa kuposa kuthamangitsa magalimoto. Koma ndikuvomereza kuti zambiri za mu kosiyi ndi malamulo a kuno, ma hydrant pa kona iliyonse, nyumba za matabwa, sizingakopedwe mmene zililimu kupita ku Limbe.

WaKuNdirande
Ndiye adzabwere ndi mtima wophunzira kwa amene ali kale pa ntchito kuno, osati kudzalamula.

NamadziBoy
Zoona zimenezo, sindikutsutsa.

AntiWaKuPlano
Poti nkhani ya moto yayambika ndiloleni ndidandaule. Abale athu ambiri kuno ndikalowa m'nyumba zawo ndimapeza alamu ya utsi yachotsedwa batire kapena yakulungidwa ndi jumbo, ati imalira tikamakazinga nsomba kapena mandasi. Chonde siyani. Kuphika ndi kumene kumayambitsa moto wambiri wa m'nyumba kuno ku America. Ndiye nthawi ya chisanu chija cha February 2021 magetsi atazima m'madera ambiri a Texas, anthu ambiri anathamangira nawo kuchipatala chifukwa cha carbon monoxide, ena anamwalira, chifukwa cholowetsa makala ndi ma jenereta m'nyumba kapena kuliza galimoto mu garaja. Ife tinazolowera mbaula kumudzi koma nyumba za kuno ndi zomata paliponse mpweya sutuluka.

Engine7_MD
Anti mwalankhula. Ndiwonjezere kuti alamu ya utsi imatha mphamvu pa zaka 10, tembenuzani muone deti kumbuyo. Pa imfa 5 zilizonse za moto wa m'nyumba pafupifupi 3 zimachitika m'nyumba zopanda alamu yogwira ntchito. Ofufuza a UL, bungwe loyesa chitetezo cha katundu, anapeza kuti kale munthu ankakhala ndi mphindi pafupifupi 17 zothawira koma ndi mipando ya masiku ano ndi mphindi 3 kapena kuchepera. Mafuta akayaka m'poto vundikirani ndi kuzimitsa mbaula, madzi ayi. Ndipo muzigona zitseko za kuchipinda zili zotseka.

Admin_Chisale
Malangizo abwino abale koma tibwerere kwa mayi aja, funso la malipiro silinayankhidwe.

Dola_ndi_Tambala
Bureau of Labor Statistics inati malipiro apakatikati a wozimitsa moto mu May 2023 anali $57,120 pachaka, pamene a nesi wa RN anali $86,070. Kusiyana kulipo tisanamizane. Koma muonenso mbali zina. Ambiri amagwira maola 24 n'kupuma 48, ena 48 n'kupuma 96, ndiye pa mwezi umapita ku ntchito masiku 10 okha, ambiri amakhala ndi kabizinesi pambali. Ovataimu yawo mwa lamulo la federal imayamba pa avereji ya maola 53 pa sabata osati 40. Chachikulu ndi penshoni yeniyeni ndi inshuwalansi ya boma la mzinda, zinthu zimene ntchito zambiri kuno zinasiya kupereka. Mizinda ikuluikulu ndi ya pafupi nayo imalipira kuposa tauni zing'onozing'ono. Muzikumbukiranso kuti ozimitsa moto pafupifupi 65 pa 100 aliwonse ku America ndi ongodzipereka osalandira malipiro, nde ntchito zolipidwazo anthu amalimbirana, mayeso amodzi amabwera anthu mazanamazana malo ali ochepa.

Nesi_wa_usiku
$86,070 ndi $57,120. Ine ndangobwereza manambala a Dola.

Chiombankhanga
A Nesi, $86,070 imeneyo amalandira ndi amene wamaliza. Mwana amene mtima wake suli komweko anatomy ndi microbiology zimubweza, ndiye adzakhala alibe zonse ziwiri.

MaiTadala_WA
Ndikuuzeni za mwana wanga wamkazi mwina zithandiza. Iyeyu anachita ndendende zimene mwana wanuyo akufuna, anayambira digiri kuno ku Washington state, anamaliza bwinobwino magiredi apamwamba, tinavina pa graduation. Kenako kunali zii. Kulikonse akafunsira amamufunsa EMT, amamufunsa khadi ya CPAT, iye ali ndi digiri yokha. Anakhala nthawi yaitali akugwira ku warehouse, analira mwana uja mpaka ine ndinayamba kudwala nazo. Mlangizi wa pasukulupo sanamuuzepo olo kamodzi kuti pepala lokha silikwanira, mpaka lero zimandiwawa. Mwamwayi makosi a kapewedwe ka moto ndi a ma sprinkler aja anamuthandiza kupeza ntchito pa kampani yoyendera ma alamu ndi ma sprinkler m'nyumba zikuluzikulu, kumeneko anatenga satifiketi ya NICET ya ntchito imeneyo, kenako anachita EMT madzulo, pano ndi fire inspector ku ofesi ya fire marshal ya mzinda wina, amagona kunyumba tsiku lililonse ndipo ntchito akuikonda kwambiri, amati moto umene wauletsa usanayambe palibe amaudziwa koma iye amadziwa. Ndiye digiri siinapite pachabe koma njira inatalika popanda chifukwa. Mwana wanu amve za a Engine7, komanso adziwe kuti mu ntchito imeneyi muli makomo ambiri, inspector, wofufuza chimene chayambitsa moto, woona mapulani a nyumba, dispatcher wa 911, emergency management. Si onse amakwera galimoto yofiira.

MayiWaAnyamata_DFW
Amayi a Tadala mwandikhudza. Izi ndi zimene ndimaopa zenizeni. Ndimuwerengetsa yekha uthenga wanuwu.

Mnyamata_F1
Pepani kulowerera akuluakulu. Ine ndili pa F-1 visa ya ophunzira akunja ku community college, ndimaganiza zosinthira ku fire science chifukwa imandisangalatsa. Zingatheke?

MphunzitsiIndy
Mwana wanga kuphunzira ungaphunzire ngati DSO, woyang'anira ophunzira akunja pasukulu panu, wavomereza kusintha pa pepala lako la I-20, koma ganiza kawiri. Ukulipira fizi ya international yokwera kuposa anzako, Pell Grant sungapeze, ukamaliza uli ndi OPT, chilolezo chogwira ntchito cha miyezi 12 yokha, ndipo department ya mzinda siingakulembe n'kukuphunzitsa chaka chathunthu ikudziwa kuti chilolezo chako chikutha. Olo kudzipereka kumene ufunse kaye DSO, pena amapereka kandalama pa foni iliyonse ndiye zimenezo zikhoza kuwerengedwa ngati ntchito yosaloledwa. Ngati moto ukukusangalatsa ndipo masamu umatha, yang'ana fire protection engineering, University of Maryland ili ndi digiri yake, imeneyo ndi uinjiniya ndipo makampani amaifuna mayiko ambiri.

Mnyamata_F1
Zikomo amayi, masamu ndimayesetsa. Ndikafunsa za ma credit osamukira.

MayiWaAnyamata_DFW
Ndabweranso abale. Tinakhala pansi usiku watha, wawerenga zonse yekha. Za odwala zija zamudabwitsa, anakhala chete kanthawi, koma akuti akufunabe. Selective Service akuti analembetsa pomwe ankatenga laisensi. Tagwirizana kuti semesita ino atenga EMT ndi English basi, ndipo Loweruka akupita ku station yapafupi kukafunsa ngati amalola kukwera nawo tsiku limodzi kuti aone ndi maso. Bambo ake sanakondwe, akuti tinavutika kubwera kuno kuti mwana azikalowa m'nyumba zoyaka? Ine sindinawayankhe poti nanenso mantha ndili nawo. Funso langa latsala ndi lakuti academy alipire yekha ku koleji kapena adikire department imulembe ndi kumuphunzitsa yokha?

AnkoloFortWorth
Zonse ziwiri nthawi imodzi mayi. Mizinda ikuluikulu ili ndi ma academy awo, amakulemba ulibe satifiketi ndipo umalandira malipiro ukuphunzira, koma mpikisano ndi woopsa ndipo kuchokera pa mayeso kufika poitanidwa pamatha miyezi yambiri olo chaka. Mizinda ing'onoing'ono imafuna ubwere uli kale ndi TCFP ndi EMT. Ndiye azilemba mayeso a mizinda ikuluikulu paliponse patsegulidwa, uku akulowa academy ya ku koleji. Afunse ku ofesi ya financial aid ngati academy yawoyo ndi ya ma credit, chifukwa ikakhala ya continuing education Pell nthawi zambiri siilipira, komanso zovala ndi zida ena amachita kubwereketsa padera ndalama yake si yochepa. Bambo akewo muwatenge Loweruka apite nawo ku station, akalankhule ndi captain maso ndi maso.

Nesi_wa_usiku
Ine maganizo anga sanasinthe, koma poti mwasankha EMT, mumuuze asankhe anatomy and physiology yeniyeni ya ma credit 4 ikadzafunika pa paramedic, osati yachidule ija. Makoleji ena ali ndi mlatho wochoka pa paramedic kupita ku RN, bondo kapena msana zikadzavuta ali ndi zaka 35 adzandikumbuka. Ndipo katemera ndi TB test ayambe sabata ino, ma clinical a EMT salowetsa munthu wopanda mapepala amenewo.

Engine7_MD
Pamenepo ndili nanu a Nesi, tili nawo anzathu angapo ma paramedic amene ndi ma RN masiku awo opuma. Mayi, akamapita ku station avale buluku lalitali ndi nsapato zotseka, afike msanga, foni m'thumba, akapatsidwa tsache asese. Podikira semesita apange makosi aulere a FEMA pa intaneti, ICS 100, 200, 700 ndi 800, adzawafunsa kulikonse. Masitepe ayambe mawa ndi chikwama cholemera kumsana, aziwonjezera pang'onopang'ono. Akafika pokonzekera intaviyu mundilembere ku inbox ndidzamuyesa mafunso pa foni.